Munda, Kalabu ndi Sitolo: Mbiri ya Dera la Tiyi la Thyolo ndi Mulanje

Mbiri ya dziko imalembedwa kawirikawiri potsata mafumu, abwanamkubwa ndi zipani za ndale, koma moyo wa anthu wamba m'maboma a Thyolo ndi Mulanje unaumbidwa kwambiri ndi malo atatu amene olemba mabuku sawalabadira mokwanira, omwe ndi munda waukulu wa malonda umene anthu amautcha esiteti, kalabu ya masewera, ndiponso sitolo ya banja. Malo atatuwa anakula modalirana, popeza esiteti ndiyo inkalemba anthu ntchito ndi kuwalipira, sitolo ndiyo inkalandira malipirowo pakutha pa mwezi, pamene kalabu ndiyo inkaonetsa poyera amene anali ndi ulemerero m'deralo ndi amene ankaima kunja kwa mpanda. Munthu akafufuza bwino mbiri ya malo atatuwa amapeza kuti onse atsamira pa nkhani imodzi, yomwe ndi umwini wa nthaka, ndipo nkhaniyi, imene inayamba m'zaka za m'ma 1890, siinathe mpaka lero.

Mmene nthaka inachokera m'manja mwa eni ake

Dera la mapiri a kum'mawa kwa mtsinje wa Shire lili ndi zinthu ziwiri zimene zinakopa alimi ochokera ku Ulaya, zomwe ndi dothi lakatondo lozama bwino ndi mvula yochuluka. Kuwonjezera pa mvula ya dzinja, maboma awiriwa amalandira chiperoni, mvula yamawawa yodza ndi nkhungu ndi chisanu m'miyezi ya Meyi, Juni ndi Julayi, imene inatenga dzina lake ku phiri la Chiperone la ku Mozambique, ndipo chinyontho chimenechi ndicho chimathandiza mbewu zokhalitsa kupirira chilimwe. Amishoni a mpingo wa Church of Scotland atakhazikitsa mishoni ya Blantyre mu 1876, ndipo kampani ya African Lakes itayamba malonda ake mu 1878, Azungu ena anayamba kupangana ndi mafumu za malo, napereka nsalu, mikanda, mfuti ndi wonga posinthana ndi zigwa ndi zitunda zathunthu. Mwa mwambo wa Amang'anja ndi Ayao, mfumu inali msungi wa nthaka m'malo mwa anthu ake, ndipo inali ndi mphamvu yoloza mlendo pomanga ndi polima, koma inalibe mphamvu yogulitsa dziko kwamuyaya. Motero mbali ziwirizi zinkamva mapanganowo mosiyana kotheratu.

Dziko litalowa mu ulamuliro wa Britain mu 1891, Harry Johnston, amene anali mkulu woyamba wa boma la atsamunda, anaunika mapanganowo ndipo anapereka zikalata zotchedwa Certificates of Claim, zimene zinasandutsa malowo kukhala a eni zikalatazo mpaka kalekale. Pafupifupi magawo 15 pa magawo 100 aliwonse a nthaka ya dziko lonse anapita motere, ndipo m'dera la mapiri a Shire mbali yaikulu ya nthaka yachonde inagwera m'manja mwa anthu owerengeka, monga Eugene Sharrer, amene malo ake anadzakhala a British Central Africa Company, John Buchanan ndi abale ake, amene minda yawo inadzapita ku kampani ya Blantyre and East Africa, ndi Alexander Low Bruce, mkamwini wa David Livingstone, amene anatenga Magomero. Zikalata zambiri zinali ndi ndime yoletsa kusokoneza midzi ndi minda imene inalipo kale, ndipo mu 1903 woweruza milandu Joseph Nunan anagamula kuti anthu amene anapezeka pamalopo sayenera kulipira lendi. Chitetezo chimenechi chinafooka msanga, chifukwa ulimi wa makolo unali wosamukasamuka, ndipo banja likangosiya tsala lake n'kukatsegula mphanje patsidya pa mtsinje, mwini esiteti ankaliyesa mlendo wofunika kulipira.

Kuchokera ku khofi kufika ku tiyi

Mbewu yoyamba imene atsamunda anaikapo mtima inali khofi, amene mbande zake zinafika ku mishoni ya Blantyre mu 1878 kuchokera ku Edinburgh m'manja mwa Jonathan Duncan, wosamalira dimba la mishoniyo. Khofi anafalikira mofulumira kotero kuti chizindikiro choyamba cha boma la atsamunda chinali ndi mtengo wa khofi, koma chaka cha 1900 chitangodutsa ulimiwo unagwa chifukwa cha chilala, matenda a mbewu, kuguga kwa nthaka ndi kutsika kwa mitengo pa msika wa dziko lonse, pamene khofi wa ku Brazil anasefukira. Eni minda ambiri anatembenukira ku thonje ndi fodya, koma m'tsinde mwa phiri la Mulanje, kumene mvula inkachulukira mbewu ziwirizi, njira ina inali itatseguka kale. Mu 1891 Henry Brown, amene analimapo khofi ku Ceylon, anatenga mbewu za tiyi ku mitengo imene inapulumuka pa mishoni ya Blantyre nakazidzala ku Mulanje, ndipo minda ya Thornwood ndi Lauderdale inakhala chiyambi cha ulimi wa tiyi umene uli m'gulu la akale kwambiri mu Africa. Ku Thyolo tiyi anafika mochedwerapo, cha m'ma 1908, chaka chomwecho chimene njanji yochokera kumunsi kwa Shire inafika ku Blantyre podzera ku Luchenza.

Kukula kwenikweni kunadza m'zaka za m'ma 1920 ndi 1930, pamene makampani a ndalama zambiri, monga J. Lyons amene anatsegula Lujeri, analowa m'ulimiwu, ndipo mbewu zabwinopo za mtundu wa Assam zinayamba kudzalidwa. Pangano la maiko olima tiyi la 1933, limene linachepetsa tiyi wogulitsidwa kuchokera ku India, Ceylon ndi zilumba za Adatchi za kum'mawa, linakweza mitengo pa nthawi imene fodya wa m'maesiteti ankapereka phindu lochepa, ndipo mlatho wa pa Zambezi utatsegulidwa mu 1935, katundu ankayenda pa njanji osatsitsidwa mpaka ku doko la Beira. Pambali pa makampani akuluwo panalinso minda ya mabanja, imene inkapita kwa ana ndi zidzukulu. Ignazio Conforzi, wochokera ku Italy, anamanga chuma chake ku Thyolo pa fodya ndi tiyi, pamene Maclean Kay, amene analimapo mphira ku Malaya, anagula malo a Satemwa mu 1923, ndipo mundawo wakhala m'manja mwa banja lake kwa mibadwo itatu.

Chikhalidwe cha mbewuyi ndicho chinapanga maonekedwe a esiteti. Tiyi amatenga zaka zingapo asanayambe kupereka phindu, amafuna kuduliridwa kuti akhale wofika m'chiuno ndi wosalala pamwamba ngati thebulo, ndipo wotchola amatenga masamba awiri anthete ndi nsonga yake n'kuponya m'dengu la kumsana. Masambawo akapimidwa pa sikelo ayenera kufika ku fakitale tsiku lomwelo, kumene amafotetsedwa, amaphwanyidwa, amasiyidwa kuti asinthe mtundu, amaumitsidwa pa moto wa nkhuni za bulugamu, kenaka amasefedwa ndi kulongedzedwa. Chifukwa cha ichi esiteti iliyonse yaikulu inafunika kukhala ndi fakitale, nkhalango ya nkhuni, misewu yakeyake, ndi khamu la antchito okhala pafupi. Vuto linali lakuti tiyi wochuluka amaphukira kuyambira Disembala mpaka Epulo, nyengo yomweyo imene mlimi wa kumudzi amafunika kubzala, kupalira ndi kubandira chimanga chake.

Thangata ndi kubwera kwa Alomwe

Mawu akuti thangata poyamba ankatanthauza chithandizo chimene anthu ankapatsana mwaufulu pa ntchito ya kumunda, kapena chimene ankapereka kwa mfumu yawo, koma m'maesiteti mawuwa anasanduka dzina la ntchito yokakamiza imene munthu ankagwira m'malo mwa lendi ya malo amene wamangapo. Goli lachiwiri linali msonkho wa nyumba, umene boma linaukonza motero kuti, kuyambira kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900 mpaka 1921, munthu amene wagwirira Mzungu ntchito mwezi umodzi ankalipira theka lokha. Mwambiri, wokhala pa esiteti ankagwira mwezi umodzi wa lendi ndi wina wa msonkho, koma mweziwo unkawerengedwa pa tikiti, kapepala kamene kapitawo, ndiye kuti woyang'anira gulu la antchito, ankachongapo tsiku pokhapokha mgwazo wa tsikulo utatha, motero miyezi iwiri inkatha kutalika mpaka kudya dzinja lonse. Chakudya cha antchito, chotchedwa phoso, chinali ufa, nyemba ndi mchere pang'ono.

Dongosolo limeneli silikadatheka popanda Alomwe, amene anayamba kuwoloka malire mwaunyinji kuchokera ku Mozambique chakumapeto kwa zaka za m'ma 1890, pothawa nkhondo, njala, msonkho ndi ntchito yakalavulagaga ya ulamuliro wa Apwitikizi, ndipo anapitiriza kufika mpaka m'zaka za m'ma 1930. Popeza analibe mfumu yowaloza malo, ambiri analandira malo pa esiteti pamodzi ndi thangata lake, ndipo thukuta lawo ndilo linagwetsa nkhalango, kuzula zitsa ndi kudzala tiyi amene akuoneka lero. Nkhanza za pa Magomero, kumene William Jervis Livingstone ankaotcha matchalitchi a anthu a John Chilembwe, zinali chimodzi mwa zifukwa zazikulu za kuukira kwa pa 23 Januwale 1915. Lamulo la 1928 lokhudza Aafirika okhala m'maesiteti linalola munthu kulipira lendi ndi ndalama, ndi ntchito kapena pogulitsa mbewu kwa mwini malo, koma linapatsanso eni minda mphamvu yothamangitsa gawo limodzi mwa magawo 10 a mabanja pa zaka zisanu zilizonse. Kafukufuku wa Sidney Abrahams wa 1946 analangiza boma kuti ligule malo ogonera a m'maesiteti n'kukhazikapo anthu, koma ntchitoyo inayenda pang'onopang'ono, ndipo mu Ogasiti 1953, chaka chimene chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chinakhazikitsidwa, mkangano wa malalanje pa esiteti ina ku Thyolo unabutsa zipolowe zimene zinafalikira m'maboma oyandikana ndi kuphetsa anthu 11. Thangata linathetsedwa ndi lamulo mu 1962, koma malire a maesiteti a tiyi anatsala pomwe anali.

Kalabu ndi mpanda wake

Mamanijala a maesiteti ankakhala motalikirana, aliyense m'nyumba yake ya khonde lalikulu pamwamba pa chitunda, ndipo kalabu ndiyo inkawasonkhanitsa. Blantyre Sports Club inakhazikitsidwa mu 1896, ku Zomba kunali Gymkhana Club ya akuluakulu a boma ndi asilikali, Limbe Country Club inadza m'zaka za m'ma 1920 pamene malonda a fodya ndi njanji zinakuza tauniyo, ndipo alimi a tiyi anamanga makalabu awo ku Mulanje ndi ku Thyolo, okhala ndi bwalo la gofu, la tenesi ndi la kiriketi, chipinda chomwera ndi holo ya magule. Masewera anali mbali imodzi chabe ya ntchito ya malowa, pakuti m'menemo ndimo eni minda ankamvana za malipiro a antchito, za mitengo ya ku London ndi za madandaulo opita kwa bwanamkubwa, kotero kuti mfundo zambiri zokhudza moyo wa wotchola tiyi zinkapsa pa khonde la kalabu zisanafike ku ofesi ya boma.

Umembala unali wa Azungu okha, ndipo tsankholi linali ndi masitepe ake. Amwenye, amene anali ndi ndalama koma osaloledwa kulowa, anakhazikitsa kalabu yawo ya Indian Sports Club ku Limbe, kumene kiriketi ndi hoke zinazika mizu. Mwafirika ankalowa pa chipata cha kalabu ngati wophika, woperekera zakumwa, wotchetcha kapinga kapena mnyamata wonyamula thumba la ndodo za gofu, ndipo ena mwa anyamata onyamula matumbawa anaphunzira masewerawo pongoyang'ana, nadzakhala akatswiri zipata zitatseguka. Kutseguka kumeneku kunachitika m'zaka zoyandikira ufulu wa 1964, koma ndalama za umembala zinalowa m'malo mwa khungu, motero makalabuwo anakhala a mamanijala, akuluakulu a boma ndi a bizinesi a mitundu yonse, pamene wantchito wamba anatsalabe kunja.

Masewera a anthu ambiri anamera pena, pa mabwalo afumbi a sukulu za mishoni, a polisi, a asilikali ndi a m'makomboni a antchito. Mpira wamiyendo sunafune zida zodula, ndipo ana ankaumba wawo ndi nsanza ndi luzi, monga akuchitira lero ndi mapepala apulasitiki. Eni maesiteti ndi mafakitale anazindikira kuti timu ya mpira imasunga antchito pamalo ndi kuwasangalatsa Loweruka ndi Lamulungu, ndipo anayamba kupereka bwalo, yunifomu ndi lole yonyamula osewera. Pa mabwalo omwewo pankavinidwanso tchopa ndi magule ena a Alomwe. Mchitidwe wakuti timu idalire kampani unafika mpaka pamwamba pa mpira wa dziko lino, bungwe la Football Association of Malawi litakhazikitsidwa mu 1966. Timu ya Wanderers, imene inayamba mu 1962, yadziwika ndi maina a Yamaha, Limbe Leaf, MTL, Be Forward ndi Mukuru, pamene Bullets, imene inayambitsidwa mu 1967 ndi osewera opatuka ku Wanderers, yakhalapo Bata, Total, Bakili ndi Nyasa. Kampani ya shuga inali ndi matimu ake ku Nchalo ndi ku Dwangwa, ADMARC inali ndi Tigers, ndipo Reserve Bank ili ndi Silver Strikers. Phindu la dongosololi linaoneka pamene timu ya dziko inatenga chikho cha kum'mawa ndi pakati pa Africa mu 1978, 1979 ndi 1988, koma kufooka kwake kunaonekanso, chifukwa kampani ikagwa kapena ikasintha maganizo timu inkafera pomwepo, monga inachitira MDC United. Wanderers (Manoma) ndi Bullets (Maule) apulumuka kusintha konseku chifukwa ochemerera awo anawatenga ngati chuma cha mtundu, ndipo dzina la wothandiza likachoka, chikondi cha anthu chimatsala.

Sitolo ya Mmwenye ndi okala ya Mmalawi

Ndalama za tikiti zikalandiridwa zinkathera ku msonkho ndi ku sitolo. Malonda aakulu anali m'manja mwa African Lakes, imene anthu anaitcha Mandala chifukwa cha magalasi a m'maso a John Moir, ndipo pambuyo pake kunadza masitolo a Kandodo. Koma malonda a tsiku ndi tsiku a kumidzi anagwidwa ndi amalonda ochokera ku Gujarat, m'dziko la India, amene anayamba kufika chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, ambiri podzera ku Mozambique. Pa malo monga Luchenza, Thyolo, Bvumbwe, Chitakale ndi Muloza panamangidwa mizere ya masitolo a njerwa ndi malata, kutsogolo kogulitsira ndi kuseri kogona banja. Mphamvu ya sitolo yotere inali pa chibale: wamalonda wamkulu wa ku Limbe ankapereka katundu pa ngongole kwa mphwake kapena mlamu wake amene wamuitanitsa kuchokera kwawo, mnyamatayo ankagwira ntchito zaka zingapo pa malipiro ochepa mpaka atatsegula yakeyake, ndipo mkazi ndi ana ankathandiza pa kauntala popanda malipiro. M'sitolomo munkapezeka nsalu za biriwita ndi chilundu, mabulangete, makasu, mchere, sopo, palafini, machesi, singano ndi ulusi, ndipo mtengo unkachita kunenerera, wogula n'kulandira basera.

Pa khonde la sitolo ya Mmwenye ndi pamene panabadwira mabizinesi ambiri a Amalawi. Telala ankakhala pamenepo ndi makina ake opalasa ndi phazi, kusoka nsalu imene yangogulidwa mkatimo, ndipo pafupi pake pankakhala wokonza njinga, wokhoma zidebe ndi wosoka nsapato. Ena anapeza mpamba ku migodi ya ku Joni ndi ku Southern Rhodesia, kumene ankapita kudzera ku bungwe lolemba anthu ntchito la Wenela kapena paokha, ndipo pobwerera ankagula makina osokera, kutsegula tiyirumu, kapena kumanga okala, kasitolo kakang'ono kamene dzina lake linachokera ku chiphaso cha wamalonda woyendayenda. Amene zinawayendera ankafika pa golosale, pa chigayo, mwinanso pa lole. Komabe Mmalawi ankalimbana ndi zopinga zimene mnzake wa ku India analibe, popeza mabanki ndi mahoselo sankamukongoza, malo a kumudzi analibe chikalata choti n'kupereka chikole, ndipo abale ankayembekezera kutenga katundu pa ngongole imene kawirikawiri siinkabwezedwa.

Boma la Dr Hastings Kamuzu Banda linalamula mu 1970 kuti amalonda a ku Asia achoke m'madera a kumidzi, ndipo pofika 1978 anali atatsekeredwa m'matauni akuluakulu okha, monga Blantyre, Limbe, Zomba ndi Lilongwe. Cholinga cholengezedwa chinali chakuti malonda a kumidzi akhale m'manja mwa Amalawi, ndipo mahoselo a Chipiku anatsegulidwa kuti aziwapatsa katundu, pamene masitolo a PTC a kampani ya Press anafalikira m'matauni ndi pa maboma. Amalawi ena anagula masitolo osiyidwawo napindula, koma ambiri analephera chifukwa nyumba inasamutsidwa popanda ngongole ya katundu, galimoto ndi chibale cha malonda zimene zinkaichirikiza, ndipo mabwinja a mizere ya masitolo amene akuoneka m'malo ambiri a malonda ndi mboni ya nthawi imeneyo. Pa nthawi yomweyo mpamba wa ku migodi unaphwa, Dr Banda ataimitsa ulendo wa ku Wenela ndege itagwa ku Francistown mu Epulo 1974 ndi kupha Amalawi oposa 70.

Chopinga china chinali cha m'banja momwe. Amang'anja, Alomwe ndi Ayao amatsata mzere wa kuchikazi, ndipo pa ukwati wa chikamwini mwamuna amakakhala kwawo kwa mkazi, kumene malo ndi a mbumba ya mkaziyo, pamene iye udindo wake waukulu uli pa alongo ake ndi ana awo. Dongosololi limateteza amayi pa nkhani ya minda, koma linabadwa chuma cha sitolo chisanadze, ndipo mwini golosale akamwalira pankabuka funso ngati katunduyo ndi wa ana ake, amene anakulira pa kauntala, kapena wa abale ake ndi ana a alongo ake. Mabizinesi ambiri anagawidwa pa tsiku lometa, mashelefu, sikelo ndi malata kupita kosiyanasiyana, ndipo ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene golosale yofika m'badwo wachitatu ili yosowa, pamene esiteti yolembetsedwa ngati kampani imadutsa maliro a mwini wake osagwedezeka. Lamulo la chuma cha masiye la 2011, limene limaika patsogolo mkazi kapena mwamuna wotsala ndi ana ndiponso limayesa kulanda chuma mlandu, linadza pofuna kuchiza bala limeneli.

Zimene zasintha ndi zimene zatsala

Ufulu utabwera, boma silinagawe maesiteti a tiyi, chifukwa mbewuyi inkabweretsa ndalama zakunja zochuluka motsatana ndi fodya, koma linayesa kulowetsa Amalawi m'ulimiwu. Bungwe la Smallholder Tea Authority linakhazikitsidwa mu 1967 kuti lipereke mbande, feteleza ndi ulangizi kwa alimi ang'onoang'ono, ndipo bungwe lofufuza za tiyi la ku Mimosa, ku Mulanje, linatulutsa mitundu yatsopano yobereka kwambiri imene yadzalidwanso m'maiko ena. Bungwe la alimi ang'onoang'onolo litafooka ndi ngongole ndi kuchedwetsa malipiro m'zaka za m'ma 1990, alimi anadzipangira magulu awo, monga Sukambizi ku Mulanje ndi Msuwadzi ku Thyolo, amene amagulitsa masamba awo ku mafakitale a maesiteti. Alimi otere alipo zikwi zambiri, koma minda yawo ndi yaing'ono, yambiri yosafika hekitala imodzi, ndipo gawo lawo pa tiyi yense wa dziko lino ndi lochepa. Popeza alibe fakitale yawoyawo, mtengo wa masamba awo umadalira wogula.

Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 700,000 m'boma la Thyolo ndi ena oyandikira chiwerengero chomwecho ku Mulanje, ndipo mabomawa ali m'gulu la othithikana kwambiri m'dziko muno, kotero kuti mabanja amalima m'malo otsetsereka ndi m'mphepete mwa mitsinje moyang'anana ndi tiyi wobiriwira wosaoneka malire. Ntchito ya Kudzigulira Malo, imene inayamba mu 2004 ndi thandizo la World Bank, inasamutsa mabanja pafupifupi 15,000, ambiri a iwo kupita ku Machinga ndi Mangochi, koma chiwerengerochi ndi chochepa poyerekeza ndi kukula kwa vutoli, ndipo kulowerera malo a maesiteti ndi magulu omenyera nthaka zakhala zikubukabe. Nawonso maesiteti ali ndi mbali yawo yoyenera kuimva, popeza amalemba anthu zikwi makumi angapo m'nyengo yotchola, amayendetsa zipatala ndi sukulu, ndipo asunga timagawo ta nkhalango zachilengedwe timene kwina konse tinatha. Chomwe chikadali pa mkangano ndi kukula kwa malipiro ndi chiyambi cha zikalata za malowo.

Pa malo atatu amene afotokozedwa pano, esiteti ndiyo yasunga mbiri yake bwino koposa, chifukwa ili ndi mabuku a malipiro, mapu ndi makalata, ndipo kalabu ili ndi zikho ndi matabwa olembedwa maina a opambana chaka ndi chaka. Wotchola tiyi, telala wa pa khonde, mayi wa tiyirumu ndi timu ya pa komboni sanasiye zolembedwa zotere, ndipo mbiri yawo ili m'mitu ya okalamba amene anaona thangata ndi maso ndi kugula m'sitolo ya Mmwenye isanatsekedwe, omwe akutha chaka ndi chaka. Ngati mawu awo salembedwa, mibadwo ya m'tsogolo idzalandira mbiri ya dera la tiyi yolankhulidwa ndi mbali imodzi yokha, ndipo mkangano wa nthaka udzaweruzidwa popanda mboni zake zenizeni. N'chifukwa chake sukulu zaukachenjede, nyumba yosungira zolembedwa zakale ya ku Zomba, mipingo, mafumu ndi mabungwe a chikhalidwe monga Mulhako wa Alhomwe ayenera kufulumira kujambula mawu a okalambawa, kusonkhanitsa matikiti, zithunzi ndi mabuku a ngongole amene atsala m'mabanja, ndi kupempha eni maesiteti ndi makalabu kuti atsegule mabuku awo akale kwa ofufuza, nthawi isanathe.